ROBERTO CLEMENTE: MLENDO AMENE SADASANDUKE MTCHONA

Mau kwa aphunzitsi

Mukayang'ana ana amene akhala pamaso panu mudzapeza kuti ambiri a iwo ali ndi mbale wao kunja kwa dziko lino. Wina atate ake ali ku Johannesburg, wina achimwene ake ali ku Durban kapena ku Cape Town. Kuno ku Mangochi nkhani ya ulendo wa ku Joni ndi ya m'mudzi uliwonse, ndipo idayamba kale, masiku a Wenela, pamene makolo athu ankapita kukagwira ntchito m'migodi. Ena adabwerako ndi njinga, malata ndi makina osokera. Ena adapita osamvekanso, ndipo amenewo timawatcha matchona. Anyamata ambiri amene mukuwaphunzitsa lero, mtima wao uli kale pa ulendo womwewo.

Nchifukwa chake tasankha mbiri ya munthu amene adagwira ntchito m'maiko a eni kwa zaka 19, nalemera, natchuka, koma osaiwala kwao, osataya dzina lake, ndiponso osatseka maso pa mavuto a anzake. Munthuyo ndi Roberto Clemente wa pa chilumba cha Puerto Rico. Ntchito yake idali yosewera mpira wotchedwa baseball, ndipo adamwalira mu 1972 ali ndi zaka 38. Muwerenge mbiri yonseyi kunyumba kawiri kapena katatu, kuti pofika m'kalasi mukaifotokoze ndi pakamwa monga nthano, maso anu ali pa ana. Nthawi ikachepa muigawe pa masabata awiri.

Sewero la baseball

Ana athu ambiri sadaonepo sewero limeneli, kotero muyambe ndi kulifotokoza. Pamakhala matimu awiri, iliyonse ya anthu 9. M'bwalo mumaikidwa malo anai oimapo, otalikirana mofanana monga ngodya za nyumba. Pakati pamaima woponya, amene amaponya mwamphamvu mpira wolimba, wokutidwa ndi chikopa, waukulu ngati lalanje. Womenya amaudikira ali ndi ndodo yosalala yonga chibonga. Akaumenya amathamangira pa malo oyamba, ndipo akatha kuzungulira malo onse anai nabwerera pamene adayambira, timu yake yapeza chigoli. Koma anzake a woponya amakhala atamwazikana m'bwalo lonse. Akauwakha mpirawo usanagwe pansi, kapena akauponya msanga kwa mnzao woima pamene wothamanga akulowera, womenyayo watuluka. Womenya akamenya bwino nafika pa malo oyamba osatulutsidwa, amati wapeza hit. Kupeza hit nkovuta ndithu. Amene apeza zitatu pa maulendo khumi amayesedwa katswiri.

Ku United States sewero limeneli limayamba chisanu chikatha, cha m'mwezi wa Epulo, nkutha mu Okutobala. Kukayamba kuzizira, maiko otentha monga Puerto Rico, Venezuela, Mexico ndi Dominican Republic ndi pamene amatsegula maligi ao. Motero osewera ena amasamuka ndi nyengo, monga achitira asodzi athu amene amatsata usipa kuchoka pa doko lina kunka pa doko lina. Moyo wa Clemente udali wotero.

Mwana wa kapitao wa nzimbe

Puerto Rico ndi chilumba cha m'nyanja ya Caribbean, chachikulu kuposa boma lonse la Mangochi. Chidalowa m'manja mwa United States mu 1898, koma anthu ake amalankhula Chisipanishi. Roberto adabadwa pa 18 Ogasiti 1934 m'dera la San Antón m'tauni ya Carolina. Iye adali mzime pa ana 7. Atate ake, a Melchor Clemente, adali kapitao m'minda ya nzimbe yonga ija ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Amai ake, a Luisa Walker, adali mai wolimbikira ntchito ndi wopembedza, wa mpingo wa Baptist. Banjali silinkagona ndi njala, komanso ndalama zoseweretsa padalibe. Roberto atafuna njinga, adayamba ganyu wonyamula zigubu za mkaka m'mamawa, nasunga tindalama take kwa nthawi yaitali kufikira atagula njinga yakale.

Ana a m'dera lake adalibe zida zenizeni zosewerera. Mpira ankaupanga ndi sanza monga chikulunga cha ana athu, ndodo ankadula ku mtengo wa gwafa, ndipo nthawi zina ankamenya zitini ndi mpini wa tsache. Kusukulu Roberto adali waliwiro ndi wodziwa kuponya nthungo, ndipo mkono wake udakhwima pamenepo. Ankakonda kupita ku San Juan, likulu la chilumbacho, kukaonerera Monte Irvin, wosewera wakuda wa ku America amene ankabwera m'nyengo yozizira. Mnyamatayo ankamdikira pa chipata kuti angomnyamulira chikwama. Ali ndi zaka 14, munthu wina wogulitsa mpunga dzina lake Roberto Marín adamuona akusewera, namtenga kukalowa m'timu ya kampani yake.

Ligi yoyamba: Santurce

Mu Okutobala 1952, ali ndi zaka 18, Roberto adalembedwa ntchito ndi timu ya Santurce ya m'ligi ya Puerto Rico. Malipiro ake adali madola 40 pa sabata. Ligi imeneyi idali sukulu yabwino, pakuti munkabwera akatswiri ochokera ku America, akuda ndi oyera omwe, ndipo onse ankasewera pamodzi, kudyera pamodzi ndi kugona malo amodzi. Chaka choyamba mnyamatayo adakhala nthawi yambiri pa benchi akuonerera akuluakulu. Chaka chachiwiri adayamba kusewera kawirikawiri, ndipo anthu ofunafuna osewera ochokera ku matimu a ku America adachita chidwi ndi liwiro lake ndi mphamvu ya mkono wake.

Mu Febuluwale 1954 timu ya Brooklyn Dodgers ya ku New York idamlemba. Idampatsa madola 10,000 a chikole ndi malipiro a madola 5,000 pa chaka. Timu imeneyi ndi yomwe mu 1947 idalowetsa Jackie Robinson, munthu wakuda woyamba kusewera m'ligi yaikulu patapita zaka zambirimbiri akuda akuletsedwa.

Ligi yachiwiri: Montreal

A Dodgers sadamtengere ku New York ai. Adamtumiza ku Canada, ku timu yao yaing'ono ya Montreal Royals, imene inkasewera mu International League. Taganizani mnyamata wa zaka 19 amene sadaonepo chisanu, atafika mumzinda umene anthu ambiri amalankhula Chifalansa, pamene akuluakulu a timu yake amalankhula Chingelezi, iye nkumadziwa Chisipanishi chokha. Osewera anzake ochepa odziwa chilankhulo chake ndiwo ankamtanthauzira.

Chidamuwawa koposa nchakuti sankampatsa mpata wokwanira. Chaka chonse adapatsidwa ndodo maulendo 148 okha. Nthawi zina ankasewera bwino lero, mawa nkumkhazika pa benchi. Adakhumudwa kwambiri, koma adapirira mpaka chaka chidatha.

Padali lamulo lakuti wosewera wolandira chikole choposa madola 4,000 akasiyidwa m'timu yaing'ono, timu ina iliyonse ya m'ligi yaikulu itha kumtenga pakutha pa chaka, ndipo yoyamba kusankha inkakhala imene yathera pansi penipeni. Mu 1954 yothera pansi idali Pittsburgh Pirates. Munthu wao, Clyde Sukeforth, adali atamuona Roberto akuponya mpira pokonzekera masewera. Tsono pa 22 Novembala 1954 a Pirates adamtenga pa mtengo wa madola 4,000 okha.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho adabwerera ku Santurce, nasewera pambali pa Willie Mays, mmodzi wa akatswiri aakulu a ku America. Timu yao idapambana ligi ya Puerto Rico, ndipo mu Febuluwale 1955 idapita ku Caracas m'dziko la Venezuela kumene idatenga chikho cha maiko a ku Caribbean. Koma nyengo yomweyo idali ya misozi. Kumapeto kwa 1954 mkulu wake Luis adamwalira ndi chotupa cha m'mutu, ndipo masiku omwewo dalaivala wina woledzera adaomba galimoto imene Roberto ankayendetsa. Msana wake udapweteka, ndipo udamvutitsa moyo wake wonse.

Ligi yachitatu: Pittsburgh

Chaka chilichonse ligi isanayambe, a Pirates ankapita ku Fort Myers m'chigawo cha Florida kukakonzekera. Kumeneko Roberto adakumana ndi chinthu chimene kwao kudalibe, ndicho malamulo a tsankho, ofanana ndi aja adali ku South Africa. Osewera oyera ankagona m'hotela, akuda nkumagona m'nyumba za anthu kudera la akuda. Pa ulendo basi ikaima, oyera ankalowa m'nyumba yodyera, akuda nkutsala m'basi kudikira kuti anzao awabweretsere chakudya. Roberto adaona kuti kumeneku nkupemphetsa, ndipo adakana kudya chakudya chotero. Adakadandaula kwa akuluakulu a timu kufikira iwo adapereka galimoto kwa osewera akuda kuti azidziyendera okha nkumadya kumene angawalandire.

Adayamba kusewera m'ligi yaikulu pa 17 Epulo 1955, ndipo pambuyo pake m'chaka chomwecho adayamba kuvala malaya a nambala 21. Pittsburgh udali mzinda wa mafakitale a zitsulo, wa utsi ndi wozizira, ndipo anthu olankhula Chisipanishi adalimo owerengeka. Atolankhani ena ankalemba mau ake monga momwe lilime lake linkapotokera, kuti owerenga aseke. Ena adaona kuti dzina lakuti Roberto nlachilendo, nayamba kumutcha Bob kapena Bobby, ndipo ngakhale pa timakadi ta zithunzi za osewera adalembapo Bob Clemente kwa zaka zingapo. Iye sadalole. Ankawauza mobwerezabwereza kuti dzina limene adampatsa makolo ake ndi Roberto. Akanena kuti msana ukumpweteka, ena ankati ngwodzidwalitsa. Komabe pomafika kumapeto adali atalowa m'bwalo maulendo 2,433 atavala malaya a Pirates, ndipo palibe wosewera wa timuyo amene adaposa chiwerengero chimenechi.

Tisabise kuti Roberto adali munthu wa mtima wapachala. Akaona kuti anyozedwa ankapsa mtima nalankhula mokweza, ndipo ena ankamuyesa wonyada. Koma mkwiyo wake kawirikawiri udali pa chinthu chimodzi, chakuti wosewera wakuda wolankhula Chisipanishi ankayenera kugwira ntchito kawiri kuti alandire theka la ulemu.

Zaka za zipatso

Zaka zisanu zoyamba zidali zovuta, koma mu 1960 zinthu zidasintha. A Pirates adafika pa mpikisano wotsiriza wotchedwa World Series, umene timu yoyamba kupambana kanai ndiyo imatenga chikho. Adagonjetsa New York Yankees pa sewero lachisanu ndi chiwiri, ndipo Roberto adapeza hit m'sewero lililonse. Chikhocho a Pirates adali atachitenga komaliza mu 1925. Koma posankha wosewera wopambana wa chaka, atolankhani adamuika pa nambala 8. Zimenezi zidamlasa mtima, ndipo adayankha ndi ntchito za manja ake.

Adatsogola ligi yonse pa kumenya mu 1961, 1964, 1965 ndi 1967. Cha 1965 nchodabwitsa, chifukwa kumayambiriro kwa chakacho adadwala malungo, matenda amene ife a kunyanja tiwadziwa bwino, naonda kwambiri. Mu 1966 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi yake. Malo ake poteteza adali kutali, kumbali ya dzanja lamanja, ndipo kuchokera kumeneko ankaponya mpira molunjika ndi mwamphamvu kotero kuti othamanga ankaopa kuyesa mwai. Mphotho ya oteteza bwino, yotchedwa Gold Glove, adailandira zaka 12 zotsatizana, kuyambira 1961 mpaka 1972.

Pamene Martin Luther King adaphedwa pa 4 Epulo 1968, ligi idali pafupi kutsegulidwa. Roberto adamdziwa King, ndipo adamlandirapo kwao ku Puerto Rico. Iye ndi anzake a Pirates, akuda ndi oyera, adagwirizana kuti sasewera maliro asanaikidwe, ndipo sewero lao loyamba lidasunthidwa. Pa 1 Sepitembala 1971 timu yomweyo, imene kale osewera ake akuda ankatsala m'basi, idalowetsa m'bwalo anthu 9 onse akuda kapena a ku Latin America. Aka kadali koyamba m'mbiri ya ligi yaikulu.

Mu Okutobala 1971 a Pirates adakumana ndi Baltimore Orioles mu World Series. Adagonja masewero awiri oyamba, koma potsiriza adatenga chikho. Roberto, ali ndi zaka 37, adapeza ma hit 12 pa maulendo 29, nasankhidwa kukhala wopambana pa mpikisanowo. Atamuika pa wailesi yakanema pamaso pa dziko lonse la America, adayamba walankhula Chisipanishi, chilankhulo chija ankamseka nacho, kupereka moni kwa ana ake ndi kupempha madalitso kwa atate ndi amai ake amene ankaonerera ali ku Carolina. Pa 30 Sepitembala 1972 adapeza hit yake ya nambala 3,000. Asanafike iye, anthu khumi okha ndiwo adafikapo pamenepo.

Kwanu nkwanu

Akulu adati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Chaka chilichonse ligi ya ku America ikatha, Roberto ankakwera ndege kubwerera kwao. Zaka zambiri ankasewerabe m'ligi ya Puerto Rico, poyamba ku Santurce, kenaka ku Caguas ndi ku San Juan, ngakhale thupi lidali lotopa ndipo malipiro adali ochepa, chifukwa anthu a kwao sakadatha kupita ku Pittsburgh kukamuonerera. Timu ya San Juan adakhalaponso mphunzitsi wake. Pa 14 Novembala 1964 adakwatira Vera Zabala, mtsikana wa m'tauni yakwao ya Carolina, ndipo ana ao atatu, onse aamuna, adabadwira ku Puerto Rico monga iye adafunira.

Ankayenda m'matauni a pa chilumbacho kuphunzitsa ana baseball kwaulere. Ku America, timu ikapita mumzinda wina, ankapatula nthawi yokaona ana odwala m'zipatala. Osewera achinyamata ochokera ku maiko olankhula Chisipanishi akafika ku Pittsburgh, iye ndiye ankawalandira ndi kuwalangiza, pokumbukira m'mene adasungulumwira ku Montreal. Loto lake lalikulu lidali lomanga mudzi wa masewera ku Puerto Rico, kumene mwana wa mmphawi ndi mwana wa wolemera akadasewera pamodzi.

Chivomezi cha ku Managua

Mu Novembala 1972 Roberto adapita ku Nicaragua, dziko la pakati pa America wa kumpoto ndi wa kumwera, monga mphunzitsi wa timu ya dziko la Puerto Rico pa mpikisano wa maiko. Adakhalako pafupifupi masabata atatu. Adayenda m'misika, nacheza ndi anthu wamba, napeza abwenzi. Kuchipatala china adapezako mnyamata wopanda miyendo, ndipo adathandiza kusonkha ndalama zomgulira miyendo yochita kupanga.

Atabwerera kwao, usiku wa pa 23 Disembala 1972, chivomezi chachikulu chidagwedeza Managua, likulu la Nicaragua. Ife tidamvako chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009, koma chimenechi chidagwetsa pakati penipeni pa mzinda waukulu. Anthu zikwi zingapo adafa, ndipo ena zikwi mazanamazana adasowa pogona. Roberto atamva, adavomera kutsogolera komiti yosonkhanitsa thandizo ku Puerto Rico. Adalankhula pa wailesi kupempha anthu, ndipo iye ndi mkazi wake adakhala masiku a Khirisimasi pa bwalo la masewera la Hiram Bithorn ku San Juan, akulandira zakudya, zovala, mankhwala ndi ndalama, nthawi zina osapeza ndi mpata wakudya womwe.

Ndege zitatu zidapita ndi katundu. Koma kudabwera mbiri yoipa, yakuti asilikali a Anastasio Somoza, amene ankalamulira Nicaragua, ankalanda katundu wa thandizo pa bwalo la ndege, ndipo ovutika sankamuona. Roberto adakwiya kwambiri. Anthu osauka a kwao adapereka zochepa zimene adali nazo chifukwa chokhulupirira dzina lake. Adaganiza kuti akapita yekha, asilikaliwo adzachita manyazi kuba iye akuona. Motero adatsimikiza zokwera ndege yachinai.

Ndegeyo, ya mtundu wa DC-7, idapezeka mofulumira, ndipo idali yakale. Mwezi womwewo idachitapo ngozi ili pansi, ndipo sidakonzedwe mokwanira. Idalibe anthu okwanira odziwa kuiyendetsa, ndipo katundu adapitirira muyeso ndi makilogalamu pafupifupi 1,900. Roberto sadali wodziwa za ndege, adangokhulupirira eni ake. Pa 31 Disembala 1972, nthawi itangopitirira 9 koloko usiku, anthu akukonzekera kulandira chaka chatsopano, ndegeyo idanyamuka ku San Juan. Injini ina idaonongeka ikungonyamuka, ndipo idagwera m'nyanja pafupi ndi gombe. Anthu onse asanu amene adalimo adafa.

Kutacha, khamu la anthu lidadzaza pa gombe la Piñones, ndipo lidabwerabe masiku ambiri kudzayang'ana pa madzi. Boma la Puerto Rico lidalengeza masiku atatu a maliro. Mnzake wa m'timu, Manny Sanguillén wa ku Panama, sadapite ku mwambo wa maliro, koma adakhala akumira m'nyanja yaukaliyo kufunafuna mnzake. Thupi la Roberto silidapezeke. Inu a m'mbali mwa nyanja mudziwa kuwawa kwa maliro opanda mtembo.

Dzina limene lidatsala

Lamulo lidali lakuti wosewera adikire zaka zisanu atapuma asanalembedwe m'nyumba ya ulemu ya akatswiri, yotchedwa Hall of Fame. Kwa Roberto lamulolo adaliika pambali, ndipo adalembedwa mu 1973, woyamba wa ku Latin America. Monte Irvin, uja ankamnyamulira chikwama ali mwana, adalowa chaka chomwecho. A Pirates adaleka kupatsa wosewera wina aliyense nambala 21. Kuyambira 1973, mphotho imene ligi yaikulu imapereka chaka ndi chaka kwa wosewera wothandiza anthu imatchedwa Roberto Clemente Award. Ku Pittsburgh kuli mlatho wa dzina lake. Mkazi wake adapitiriza ntchito yomanga mudzi wa masewera ku Carolina, ndipo adamwalira mu 2019. Pa zonsezi dzina lolembedwa ndi Roberto, lomwe lija adakana kulisintha.

Zothandiza pophunzitsa

Choyamba, musawauze ana kuti kupita kunja nkoipa. Ambiri a iwo akudya ndi kuvala chifukwa cha thukuta la abale ao a ku Joni. Chimene mbiriyi ionetsa nchakuti munthu atha kupita kutali nakhalabe mwana wa kwao, wodziwa dzina lake, chilankhulo chake ndi makolo ake. Musamale polankhula za matchona, pakuti mwina m'kalasi muli mwana amene atate ake adaleka kutumiza mau. Musamloze chala, ndipo musalole anzake kumseka.

Chachiwiri, aonetseni kuti Roberto adaphunzira chifundo pa mavuto ake omwe. Popeza adalawa uchilendo, ankadziwa kulandira alendo. M'kalasi mwanu mutha kukhala mwana wobwera, wolankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chitumbuka, amene Chichewa chake chimaseketsa anzake. Yambirani pamenepo.

Chachitatu, mphatso siidathe ntchito yake isanafike m'manja mwa wovutika. Dziko lathu lidaona namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 nyanja idakwera nimiza nyumba ndi minda m'madera ena a boma lino. Pa nthawi zotere thandizo limadzera m'manja mwa makomiti, mafumu ndi atsogoleri onga ife tomwe. Ana amene muwaphunzitsa lero ndiwo adzagwire kaundula wa ufa ndi mabulangete mawa. Adziwiretu kuti kudya za ovutika nkuba.

Chachinai, musaiwale kuwauza chimene chidagwetsa ndegeyo. Cholinga chidali chabwino, koma chombo chidali chosakonzeka ndi cholemedwa. Kuthamanga sikufika. Zomwezi zichitika pa nyanja yathu pamene bwato kapena boti lidzazidwa anthu ndi matumba kupitirira muyeso. Mwana aphunzire kuti kukana kukwera chombo chotere si mantha ai, koma nzeru.

Mafunso kwa ana

1. Kodi Roberto ali mwana ankasewera ndi zida zotani? Nanga inu mumapanga bwanji mpira wanu?

2. Tchulani maiko amene Roberto adasewerako kapena kuphunzitsako baseball.

3. Nchifukwa chiyani adakana kudya chakudya chobweretsedwa m'basi?

4. Nchifukwa chiyani sadalole kuti amutche Bob?

5. Nchiyani chidamchititsa kukwera yekha ndege yachinai?

6. Inu mutapita kunja mukadzakula, ndi zinthu ziti za kwanu zimene simudzazitaya?

Ntchito yochita

Mubwere ndi chikulunga chaching'ono ndi ndodo. Mukatha kufotokoza mbiriyi mutuluke panja, muike miyala inai pa bwalo, ndipo ana asewere kwa mphindi khumi, anyamata ndi atsikana pamodzi. Ngati pali mapu a dziko lonse, ana okulirapo apeze Puerto Rico, Canada, United States, Venezuela ndi Nicaragua. Pomaliza kalasi lisankhe nkhalamba kapena wodwala mmodzi wa m'mudzi mwanu. Sabata lotsatira mwana aliyense abwere ndi kanthu kakang'ono, kaya chinangwa, kaya usipa wouma, kaya nkhuni. Zinthuzo zilembedwe pamaso pa onse, ndipo musatume munthu. Anawo anyamule okha, inu muli nao, mpaka akazipereke pa khomo pa mwini wake.